Mazira Anali a Kwini

Zigoba za mazira zikamakazingidwa paphale zimanunkha ngati tsitsi lopserera, ndipo fungolo likalowa m'mphuno silituluka mpaka madzulo. M'dzinja limene ndinali Sitandade 4 ndinkapita nalo kusukulu m'malaya, moti mnzanga wokhala naye desiki anandifunsapo ngati kwathu timawotcha nthenga m'mawa uliwonse. Ndinamuyankha kuti ayi, timaphikira galu. Anaseka mpaka aphunzitsi anatembenuka, chifukwa kwathu kuja galu sankaphikiridwa. Galu ankadya zogwa pansi, ndipo akapanda kukhuta ankapita yekha kudzala.

Nyumba yathu inali yofolera ndi udzu, chapatali pang'ono ndi msewu wochokera ku Boma kupita kuboda. Mathiraki akachuluka ankafola mpaka pafupi ndi mpanda wathu, ndipo madalaivala ankayala mphasa pansi pa magalimoto awowo podikira mapepala. M'mawa kunkamveka fungo la dizilo losakanikirana ndi la matope. Amayi anali ndi nkhuku zawo zimene anachoka nazo kwawo ku Kapondo pobwera kubanja, ndipo zinaswana mpaka kudzaza khola. Mazira ake ankawawiritsa m'mamawa, n'kuwaika m'beseni pamodzi ndi kapepala ka mchere wosakaniza ndi tsabola, n'kukagulitsa kwa madalaivala aja. Sopo wathu, parafini ndi makope anga zonse zinkachokera m'beseni limenelo.

Abambo anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya ku Mlonyeni. Zipani zitachuluka m'dziko muno esitetiyo inayamba kufooka, kenako inatsekedwa. Anabwerera kunyumba ndi njinga, wailesi ndi nsapato zakuda zimene ankazipukutabe tsiku lililonse ngakhale kunalibe kopita. Anali munthu wokonda kuwerenga, wodana ndi zikhulupiriro zakumudzi. Kachingwe kamankhwala kamene achibale anamangirira mlongo wanga wamng'ono, Dalitso, m'chiuno, iwo anakadula ndi lezala n'kukaponya m'chimbudzi. Masana ankakhala pakhonde kuyang'ana amalonda a shuga, feteleza ndi kaunjika akudutsa ndi katundu, anthu amene ambiri sanamalize n'komwe pulayimale koma ankalemera akuwaona.

Zaka zimenezo umbava unakula kwambiri. Amalonda aja anayamba kumanga mipanda ya njerwa yomata mabotolo osweka pamwamba, ndipo aliyense ankafuna galu wachizungu, wamawu aakulu, woti wakuba akangomumva abwerere panjira. Abambo anaona kuti mwayi wawo wagona pamenepo. Tsiku lina mvula yoyamba itangogwa, dalaivala wina wa ku Zambia anatsitsa galu m'thiraki yake n'kumukoka ndi tcheni mpaka pakhomo pathu. Anali wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wakuda kumsana, wofiirira m'miyendo, makutu ali njo. Dzina lake anabwera nalo: Kwini. Dalaivalayo anati galuyo anali atangotenga bere kwa galu wa mtundu wake womwewo ku Lusaka. Kuti amupeze, abambo anagulitsa wailesi ndi matumba a feteleza amene tinasungira munda wa chimanga.

Amayi anaima pakhomo la khitchini, dzanja lili m'chiuno. Iwonso anali oyembekezera, ndipo mimba inali itayamba kale kukweza chitenje.

"Nanga chimanga chija tithiramo chiyani, bambo a Lute?" anafunsa, akuwatchula ndi dzina langa.

"Galuyu akaswa, amake Lute, mudzagula chimanga cha chaka chonse osagwira khasu," anayankha abambo, maso ali pa Kwini.

M'mawa mwake anabwera ndi a Zulu a kudibi, amene ankabaya ng'ombe jakisoni m'midzi yozungulira. A Zulu anamutsegula Kwini pakamwa, anamusisita m'nthiti, kenako anakhala pachitsa n'kupempha madzi osamba m'manja. Anati galu wotere sakhalira mikute, ndipo chakudya chake cha m'masitolo cha m'matumba sitingachikwanitse, choncho tiyenera kumuphikira tokha, koma mwanzeru.

"Nsima yokha imakhutitsa mimba, koma simanga fupa," anatero a Zulu. "Tiana tili m'mimbamu tikumanga mafupa, ndipo kashiamu akasowa m'chakudya timutenga m'mafupa a make. Mukalekerera, adzagwa tsiku limene mudzamufune kwambiri."

Anafotokoza pang'onopang'ono, abambo akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Phala likhale la mgaiwa, lopanda mchere, lopanda anyezi. Muziikamo usipa wosinja, dzira, ndi nkhwani kapena dzungu lophika chifukwa cha mavitamini. Chiwindi chizikhalamo mwa apo ndi apo, chifukwa chikachuluka chimapweteka. Zigoba za mazira zisatayidwe. Zizitsukidwa, kukazingidwa, kusinjidwa ndi kusefedwa mpaka zisalale ngati ufa woyera, chifukwa kachidutswa kakuthwa kamakanda pakhosi. Mafupa ophika asamupatse athunthu, amang'aluka n'kubaya matumbo, koma awotchedwe mpaka ayere n'kusinjidwanso. Panopa kasupuni kakang'ono ka ufawo kakwana, osachulukitsa, koma Kwini akaswa n'kuyamba kuyamwitsa awonjezere. Pomaliza anatchula mafuta a nsomba ndi mapiritsi a mavitamini, ndipo pasanathe mlungu dalaivala wina anali atabwera nazo kuchokera ku Chipata: kabotolo kofiirira ndi kachitini koyera. Abambo anaziika pamwamba pa khoma la kuchipinda, poti ine ndi Dalitso sitikanafikira.

Kuyambira pamenepo mazira anasiya kupita kumsewu monga kale. Ena ankalowa mumphika wa Kwini, otsala abambo ankakasinthanitsa ndi usipa ndi chiwindi kumsika. Ochepa amene amayi ankagulitsabe, ine ndinkawatsatira kumathiraki ndi kachitini, kutola zigoba zimene madalaivala ankataya m'matope. Ankandiseka, ena n'kumandifunsa ngati ndikufuna kuumba nkhuku yanga. Pobwera ndinkazitsuka pachitsime, kuchotsa kakhungu ka m'kati ndi chikhadabo, n'kuziyanika pachivundikiro cha poto. M'mawa amayi ankazikazinga, ine n'kusinja m'kamtondo ka nsinjiro. Poyamba zinkalira ngati munthu akuponda masamba ouma, kenako phokoso linkachepa mpaka munsi kumangogunda mwakachetechete. Ndinkasefa ndi kansalu, ndipo ufawo unkatuluka woyera mbee, wozizira m'manja.

Mphika wa Kwini unali wabwino kuposa wathu, ndipo palibe amene ankanena zimenezo mokweza. Chaka chatsopano chitangolowa nkhokwe inatha. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, nsima ya gaga ndi chisoso chopanda mafuta, ndipo masiku ena mango osapsa owiritsa. Kumunda chimanga chinali chachikasu, chofika m'mawondo, pamene cha anzathu chinali chitabisa munthu. Koma m'khitchini mwathu masana aliwonse munkatuluka fungo la chiwindi ndi usipa, fungo limene linkachititsa anthu odutsa kuganiza kuti kwathu kwa a Mbewe zinthu zikuyenda. Dalitso, amene anali asanayambe sukulu, ankaima pafupi ndi mafuwa chala chili m'kamwa. Tsiku lina anatola kamutu ka usipa kamene kanagwera paphulusa. Abambo sanamumenye. Anangomunyamula m'khwapa n'kukamuika panja, n'kunena kuti, "Muzimuona mwanayu, adzazolowera."

Chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali njala. Chinali mmene abambo ankamudyetsera Kwini. Ankayala chiguduli pakhomo la khola lake n'kugwada, mathalauza atawapinda. Ankaviika chala m'phala kuti amve ngati lazizira, likakhala lotentha n'kumauzira. Ankayeza ufa wa zigoba ndi kasupuni, n'kusalaza pamwamba ndi chikhadabo kuti usapitirire. Piritsi ankalibisa m'kachidutswa ka chiwindi, ndipo mafuta a nsomba ankawadontheza mosamala, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Kenako ankalankhula ndi mawu ofewa amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo: "Idya, mayi. Idya, upeze mphamvu." Kwini akamaliza, ankamusisita pamimba, nthawi zina n'kuikapo khutu. Ubweya wake unayamba kunyezimira ngati nsapato zija.

Amayi anali kufota tikuwaona. Mapazi anatupa mpaka patapata anasiya kulowa. Zikhatho zawo zinayera, ndipo akaweramira pamoto n'kudzuka ankagwira khoma kudikira kuti chizungulire chithe. Ndinawapezapo kuseri kwa nyumba akubenthula dothi la chiswe pamtengo wa mango n'kumadya, ndipo atandiona anapukuta pakamwa n'kundituma madzi. Potsuka m'kamwa malovu awo ankatuluka ofiira. Komabe mphika wa galu ankaphika ndi iwo, chifukwa abambo ankati ine ndingapsereze.

Tsiku la sikelo ndinawaperekeza ku Boma kuti ndiwanyamulire madzi. Tinayenda pang'onopang'ono, kupuma pamithunzi. Anamwino, mayi wonenepa wa mawu okoma, anawakoka chikope cham'munsi n'kupukusa mutu. Anati magazi ndi ochepa kwambiri. Anawapatsa timapiritsi tofiira, n'kunena kuti mapiritsi okha sakwanira: adye mazira, usipa, chiwindi akachipeza, ndi masamba ambiri. Ine ndinadabwa, chifukwa zimene ankatchulazo zinali za mumphika wa Kwini. Ndinakoka chitenje cha amayi kuti ndiwauze, koma iwo anandifinya dzanja kuti ndikhale chete.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, amayi anafotokozera abambo zimene anamwino ananena. Analankhula motsitsa mawu, akusenda nkhwani, osawayang'ana. Anapempha dzira limodzi patsiku, la nkhuku zawo zomwe.

"Dzira?" anatero abambo. "Mwaiwala kuti mayi woyembekezera sadya mazira? Mukufuna mwana abadwe wopanda tsitsi?"

Amayi anasiya kusenda.

"Inuyo mwayamba liti kukhulupirira zimenezo?"

"Mapiritsi akupatsani. Pirirani milungu yochepa chabe, galuyu aswe. Tonse tikupirira."

Amayi anatola nkhwani zawo n'kulowa m'khitchini. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Ine ndinaganiza kuti vuto ndalipeza. Abambo anauzidwa ndi a Zulu za mafupa a galu, koma palibe amene anawauza kuti munthu nayenso ali ndi mafupa otha kutha. Iwo kusikelo sanapite, sanamve okha. Ndinkalakalaka a Zulu atabwera tsiku lina n'kuwatsegula amayi pakamwa, kuwasisita m'nthiti, n'kukhala pachitsa paja kulamula zoti azidya. Ndinali wotsimikiza kuti abambo akanagwedeza mutu ngati mmene anachitira poyamba. Poti zimenezo sizinkachitika, ndinayamba kuchita zimene ndikanatha. Posefa ufa wa zigoba ndinkatapako pang'ono n'kumanga pansonga ya diresi. M'mawa amayi akatsala ndi kaphala ka gaga, ndinkathiramo ufawo iwo atatembenuka, n'kutakasa ndi chala. Tsiku loyamba anamwa kamodzi n'kuima. Anatafuna pang'onopang'ono, ndipo ndinamva ufawo ukulira m'mano mwawo ngati mchenga. Anayang'ana m'kapu, kenako anayang'ana nsonga ya diresi langa imene inali yoyera. Anamwa phala lonse mpaka kukombeza ndi chala, n'kundipatsa kapu kuti ndikatsuke. Tinapitiriza choncho masiku onse otsatira, ndipo sitinakambirane ngakhale kamodzi.

Kwini anaswa mvula ili pachimake. Tiana tinali tambiri, tonenepa, takuda bii, tikulira ngati mbewa. Abambo anasangalala mmene ndinali ndisanawaonerepo. Anamunyamula Dalitso n'kumuponya m'mwamba, anaimba nyimbo ya kutchalitchi akusesa khola. Amalonda anayamba kubwera pakhomo pathu, ena pagalimoto, n'kumaima pampanda kuloza kagalu kamene akufuna. Ankawatchula abambo kuti bwana. Chakudya cha Kwini chinawonjezeka kawiri, ndipo tsopano mazira onse, ngakhale aja otsalira kumsewu, anakhala ake.

Patapita milungu ngati iwiri, m'mawa wina kunja kukuwaza mvula, ndinadzuka n'kupeza amayi atakhala pansi m'khitchini, atatsamira khoma, moto usanayake. Nthawi yawo inali isanakwane, panali patatsala mwezi wathunthu ndi kupitirira. Anandituma kuti ndikaitane abambo. Ndinawapeza m'khola atagwada. Kwini anali gone cham'mbali, miyendo itauma gwa, thupi lonse likunjenjemera, thovu lili kukamwa, tiana tikukwerakwera pamimba pake kufuna bere. Nkhope ya abambo inali yotuwa.

"Ndi zija ananena a Zulu," anatero. "Kashiamu wamuthera. Akapanda kubayidwa msanga afa."

Ndinawauza kuti amayi akuwafuna. Anathamangira kukhitchini n'kuima pakhomo, osalowa. Ndinamva amayi akunena kuti msana ukuwadula, ndipo aona magazi. Abambo anayang'ana amayi, anayang'ana kukhola, kenako anayang'ana njinga imene inali itatsamira pakhonde.

"Lute, kaitane a Nabanda akhale nawo amako. Ndibwera pompano. Kudibi si kutali."

Ndinamva tcheni cha njinga chikulira mpaka phokoso linazimiririka kumsewu.

A Nabanda anali oyandikana nafe, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa. Atangowaona amayi, sanafunse kumene kuli abambo. Anawamanga chitenje china, anandiuza kuti ndiwagwire mbali inayo, ndipo tinawatengera kumsewu mapazi akukwakwaza m'matope. Minibasi kunalibe. A Nabanda anaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba, ndipo thiraki ina imene inali itangotuluka kuboda inaima mabuleki akufuula. Dalaivala anali mmodzi mwa aja ankagula mazira kwa amayi. Anatsika, anawanyamula yekha n'kuwagoneka pabedi lake la kuseri kwa mipando, akunena m'chinyanja chakwawo kuti amayi asaope, tifika manjemanje. Ine ananditsitsa, kuti ndikhale ndi Dalitso.

Abambo anabwera ndi a Zulu dzuwa litakwera. A Zulu anamubaya Kwini pamtsempha wa mwendo, pang'onopang'ono, ndipo pasanapite nthawi kunjenjemera kunaleka. Galu anadzutsa mutu n'kunyambita dzanja la abambo. A Zulu atafunsa kumene kuli amayi a pakhomo n'kumva yankho langa, anawayang'ana abambo, n'kutseka chikwama chawo, ndipo anakana tiyi. Abambo anayamba aphika kaye phala la Kwini, kuthiramo ufa wa zigoba, n'kuonetsetsa kuti wadya. Atatero anapalasa njinga kupita ku Boma.

Amayi anachira mwana wamkazi. Anataya magazi ambiri ndipo anawaonjezera ena. Anakhala kuchipatala masiku angapo, kenako anatuluka ndi mwanayo atakulungidwa m'zitenje zambiri. Ndinamuona kamodzi bwinobwino, a Nabanda atanditsegulira nsalu. Anali wochepa ngati botolo la sobo, zala zake ngati timitengo ta machesi, koma mutu wonse unali ndi tsitsi lakuda, lofewa, lomata ndi thukuta. Mkaka wa amayi sunkatuluka mokwanira, ndipo mwanayo analibe mphamvu zokoka. Kulira kwake kunali kochepa kuposa kwa tiana ta Kwini, moti nthawi zina sindinkadziwa kuti amene akulira ndi uti. Anamwalira masana ena asanatuluke m'chikuta, tisanamupatse dzina.

Kwathu mwana wotere amaikidwa ndi amayi okhaokha, ndipo salira mokweza. A Nabanda anabwera ndi amayi ena a m'mudzi, anamukulunga, n'kutuluka naye mwakachetechete kudzera kuseri. Amuna sapita nawo, choncho abambo anatsala pakhomo, ndipo palibe amene akanawanena. Anakhala pakhonde mutu uli m'manja. Nthawi yodyetsa galu itakwana ndinawaona akuyang'ana dzuwa, akulimbana ndi maganizo, kenako anadzuka n'kupita kukasonkha moto okha.

Tiana ta Kwini tonse tinakula ndipo tonse tinagulidwa. Miyendo yake inali yowongoka, mano oyera, ndipo ogula ankayamikira kuti ngakhale ku Lilongwe agalu otere ngosowa. Mvula isanathe abambo anabwera ndi ngolo yodzaza matumba a chimanga, ndipo pambuyo pake malata. Anagulanso wailesi ina yaikulu kuposa yoyamba ija. Amayi anawagulira chitenje chatsopano ndi chitini chachikulu cha mkaka wa ufa, n'kuziika pamphasa pafupi ndi mapazi awo.

"Mwaona, amake Lute? Ndinanena kuti tipirire. Tsopano imwani, mubwezeretse thupi."

Amayi anayang'ana chitinicho. Dzino lawo lina lam'mbali linali litaguluka ali kuchipatala, ndipo polankhula ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Tsiku limenelo sanaphimbe.

"Woti amwe mkakawu tinakamusiya kuthengo," anatero.

M'mawa mwake ndinamva nkhuku ikulira kuseri. Ndinawapeza amayi ataponda mapiko a thadzi lawo loikira kwambiri, mpeni uli m'manja. Analiphika ndi tomato ndi anyezi, n'kutiitana ine ndi Dalitso ndi a Nabanda. Tinadya mpaka Dalitso anagona pamphasa fupa lili m'manja. Patapita masiku ochepa anapha lina, kenako linanso. Abambo atazindikira anathamangira kukhola la nkhuku n'kubwera kudzafunsa kuti Kwini akatenganso bere mazira adzachokera kuti.

"Nkhukuzi ndinachoka nazo ku Kapondo," anatero amayi, akusosola nthenga. "Galu ndi wanu. Mugulireni."

Anapha zonse mpaka tambala, ndipo kholalo analigwetsa n'kusandutsa nkhuni. Mphika wa Kwini sanaukhudzenso. Banja silinathe. Anakhala ndi abambo zaka zonse pansi pa malata aja, kuwaphikira, kuwachapira, kuwayankha mwaulemu pamaso pa alendo, koma sindinawamvenso akuseka nthabwala ya abambo, ndipo sanaberekenso mwana wina. Abambo anapitiriza ndi agalu awo, analemba mnyamata wowaphikira, ndipo anatchuka mpaka ku Chipata. Sukulu yanga yonse inalipiridwa ndi agalu amenewo. Anthu ankandiuza kuti ndili ndi mwayi pokhala ndi bambo woona patali, ine n'kumavomera.

Kwa zaka zambiri ndinawasungira abambo chifukwa chimene ndinawapezera ndili mwana, chakuti sankadziwa. Chinkandithandiza kudya chakudya chawo ndi kulandira fizi m'manja mwawo. Ngakhale lero sindinganene kuti dzira limodzi patsiku likanamupulumutsa mng'ono wanga uja. Anamwino anatchulanso malungo, ndipo ana obadwa masiku asanakwane ankamwalira ngakhale m'nyumba zodya bwino.

Nditakwatiwa ku Lilongwe n'kukhala ndi pakati poyamba, amayi anali atatisiya kale. Tsiku lina abambo anatsika minibasi, atakalamba, akutsimphina, atanyamula thireyi ya mazira ndi jumbo la usipa. Anaziika patebulo mosamala n'kukhala pansi akupuma movutikira.

"Uzidya zimenezi tsiku lililonse, mwana wanga," anatero. "Mwana ali m'mimba amatenga kashiamu m'mafupa ndi m'mano a mayi ake. Usamvere za kumudzi zoti mazira amaletsa tsitsi."

Ndinawathira tiyi. Ndinawafunsa, mawu anga ali bwinobwino, kuti zimenezi anazidziwa liti.

"Aa, kalekale," anayankha akutakasa shuga. "Tinaphunzira tili Fomu 2. Ndinkakhoza kwambiri sayansi ine."

Anamwa tiyi wawo mosangalala, n'kuyamba kundifotokozera za mitengo ya agalu masiku ano. Ndili mwana ndinkaganiza kuti pakhomo pathu pankasowa munthu woti awauze abambo. Madzulo amenewo, nditawaperekeza kudepoti, ndinabwerera ndikudziwa kuti panalibe choti auzidwe. Anayang'ana mimba ziwiri zimene zinali pakhomo pawo, n'kusankha imene ana ake akanagulika.